Ulendo wa boti pa Shire ku Liwonde: woyendetsa ankadziwa mbalame zake

Tinakwera boti la m'mawa la loji ina ya ku Liwonde National Park. Ambiri m'botimo ankafuna njovu ndi mvuu, ine ndinapitira mbalame. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks likuiyendetsa kuyambira 2015, ndipo ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 300.

Mnyamata woyendetsa botiyo ndi katswiri. Anazimitsa injini pafupi ndi mtengo wa m'mbali mwa madzi n'kutiloza chisa cha nantchengwa, chachikulu moti munthu angakhalepo. Nkhwazi inatsika n'kunyamula nsomba ife tikuona. Akakowa anali mbuu m'mabango.

Chomwe chinandikhudza ndi zimene mnyamatayo anafotokoza za African skimmer, mbalame yamlomo wofiira yomwe imauluka ikukanda madzi. Imaikira mazira pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje m'chilimwe. Madzi akakwera, monga anachitira pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023 komanso mu 2024 nyanja ya Malawi itadzaza, mchengawo umamira ndipo mbalameyo imasowa poswera. Malire a paki amaletsa alenje, koma saletsa madzi.

Lilian's lovebird, mbalame yaing'ono ya mtundu wa zinkhwe, sitinaione. Imakonda nkhalango ya tsanya, kumtunda, ndiye pamafunika galimoto.

Chondidandaulitsa n'chakuti m'boti munali choonera patali (binoculars) chimodzi chokha, galasi lake lokandika, anthu n'kumalandirana. Pa mtengo umene amalipiritsa, zimenezi n'zosayenera. Tengani chanu, ndipo musaiwale chipewa.