Africa ya Amanaz pa vinyl: nyimbo zili bwino, mtengo ndiye wowawa

Ndapereka nyenyezi 4 pa 5, imodzi ndachotsayo ndi ya mtengo basi, nyimbo zilibe mlandu.

Kwa amene simuwadziwa, Amanaz anali anyamata asanu a ku Kitwe, gulu analiyamba 1973 ndipo Africa ndi chimbale chawo choyamba, chinatuluka 1975, chomaliza ndi chomwecho chifukwa china sanatulutsenso. Anajambulira ku Malachite Film Studios ku Chingola. Chomwe ndagula ine ndi chija anatulutsanso a Now-Again Records a ku America mu 2015, mbale ziwiri za vinyl, zakuda zozungulira zija, mu kava imodzi.

Anthu ambiri kuno ku Lusaka ukangotchula Zamrock, rock ya kuno ku Zambia ya m'ma 1970, amaganiza phokoso lokhalokha, ndipo inde phokoso lilimo, ikani History of Man mumve gitala ya fuzz ikulira ngati chigayo cha mu komboni, ba neba amatulukira pa windo. Koma chimbalechi mphamvu yake siili pamenepo ayi. Ili mu nyimbo zofatsa zija, Sunday Morning, Khala My Friend ndi Kale yomwe imatsekera, momwe anyamatawa amayimba mosathamanga, mawu otopa pang'ono ngati sanagone, ndiye mwadzidzidzi gitala ija imalowa pakati n'kung'amba kenako n'kubwereranso pansi ngati palibe chachitika. Apa ndi pomwe rock, blues ndi folk zakumana popanda kumenyana, sumva kuti apa asokerera ichi pa ichi. Nyimbo 12 koma sindidumpha ngakhale imodzi, chabwino mwina Green Apple tsiku lina ndikatopa.

Nsunka Lwendo ndiye nkhani ina. Zambiri ayimba mu Chingelezi koma iyi ndi ya Chibemba, ng'oma za a Watson Lungu zikuyenda mwa kwathu kwenikweni, bezi ya a Jerry Mausala yangokakamira pamalo amodzi osasuntha, pamwamba pake magitala a Isaac Mpofu ndi John Kanyepa akuchita zawo. Mwana wa achemwali anga anangoimva n'kukuwa ati ankolo iyi ni ya Travis Scott! Ndinamuuza khala pansi mwana iwe, Travis Scott, woyimba rap wa ku America uja, ndiye anatapa pano n'kuika mu nyimbo yake Sirens ya 2023, eni ake ndi awa, bambo ako asanabadwe n'komwe.

Manje za mbale ziwirizo, musaganize kuti yachiwiri ili ndi nyimbo zina. Nyimbo ndi zomwezo, kusiyana ndi mix, ina ndi youma yopanda eko, ina ili ndi eko yambiri, yomwe amati reverb. Ine ndili ku youma, mawu a a Keith Kabwe amamveka pafupi ndipo ng'oma sizimira, ya reverb ija imakoma pa nyimbo zofatsa zokha makamaka usiku koma ikafika pa zaphokoso zonse zimasakanikirana, ngati masipika anu ndi ang'onoang'ono mungomva phala. Anzanga ena amalumbirira ya reverb, tinatsutsana mpaka mowa unatha osagwirizana.

Musayembekezere saundi ya studio za masiku ano. Penapake mawu amabisala kuseri kwa gitala, pena woyimba amaphonya noti pang'ono ndipo anangozisiya choncho, kwa ine ndi zomwe zikupangitsa kuti chimveke cha anthu amoyo koma wozolowera zosalala za pa kompyuta adzadandaula.

Chomwe chandiwawa ndi ichi, chimbale chojambulidwa ku Chingola konkuno ndachita kuitanitsa kunja ndi madola, uonjezepo ya kutumiza, kwacha mmene ilili mukudziwa nokha, ndiye kava inafika itapindika pakona ngakhale mbale zenizenizo zili bwinobwino sizidumpha. Komanso vinyl imafuna magetsi, akapita ndimabwerera pa foni ngati wina aliyense.

Ngati mulibe turntable, makina oyimbira mbalezi, musavutike, chili pa Spotify ndi YouTube, yambani ndi nyimbo zoyambirira osadumphadumpha. Amene muli nayo ndipo thumba likulola gulani, koma funsani kaye wogulitsa ngati ndi ya mbale ziwiri ija musanatumize ndalama.