Nazale ya bulugamu ya kutsidya kwa buliji

Amene mukufuna kudzala bulugamu dzinja lino ndikuuzeniko za nazale ina kuno ku Mangochi, mukangowoloka buliji ya Bakili Muluzi. Ine ndinapita ndi maganizo oti bulugamu ndi bulugamu basi, ndigule mbande zanga ndikweze pa kabaza ndizipita. Bambo a pa nazalepo funso loyamba, "Mukadzala kuti achimwene?" Nditati cha ku Malombe kotentha kuja anangoseka nkuti ndiye mtundu wa bulugamu wotchedwa grandis musiyeni, ameneyo amafuna mvula yambiri ngati ku Zomba ndi ku Mulanje, wanu ndi camaldulensis.

Ndipotu sanangonena pakamwa ayi, ananditengera pa mitengo ikuluikulu ili kuseri nkuthyola tinthambi tokhala ndi maluwa osaphukira. Duwa lililonse limakhala litavala kachipewa eti, ndiye ka camaldulensis kali ndi kamlomo ngati ka mbalame pomwe ka mtundu wina wotchedwa tereticornis nkatali kosongoka ngati nyanga, ukaika pamodzi m'manja kusiyana kwake kukuonekeratu, ine zaka zonsezi kumangoponda timeneti osadziwa kuti ndi chiphaso cha mtengo. Tsamba la grandis pamwamba nlobiriwira kwambiri koma kunsi nlotuwirako, la camaldulensis mbali zonse chimodzimodzi. Citriodora ndiye savuta, kungofikisa tsamba fungo la mandimu lokhalokha. Khungwa akuti osamalidalira, yambiri imasendeka mofanana.

Kwawo ku Australia, komwe mitundu ya bulugamu imaposa 700, camaldulensis amamera m'mbali mwa mitsinje ndipo amapirira chilala ndi madzi osefukira omwe, nchifukwa chake kuno kuchigwa savutika. Anandichenjezanso kuti ndisayandikize ku dimba kapena chitsime, amamwa madzi ameneyu.

Koma pali pomwe sindinakondwe. Machubu onse alibe cholemba chilichonse ndipo mbande zikadali zazing'ono zimapusitsa, masamba ake safanana ndi a mtengo waukulu, ndiye bambowo akachokapo mnyamata wawo amangoloza mwachisawawa, anatsala pang'ono kundisakanizira mitundu iwiri. Mbande zina zinali ndi timatuza m'mapesi a masamba, ntchito ya tizilombo tija tikuvutitsa bulugamu masiku ano, ndinachita kusankha ndekha imodziimodzi dzuwa likuswa mtengo.

Ndidzapitakonso, koma inu mukafike m'mawa eni ake alipo, ndipo Lachisanu masana musavutike, amakhala ali ku mzikiti.