Chitseko cha mlombwa chapirira madzinja awiri ku Mufakose

Ndinadikira dala kuti mvula igwe madzinja awiri ndisanalembe ndemangayi. Chitseko chomwe ndinali nacho kale ndinachigula chopangiratu, ndipo Januwale woyamba chinayamba kukhula pansi mpaka ngodya ya m'munsi inayasama. Nditachiyang'ana bwino ndinapeza kuti chinangogwidwa ndi misomali ndi guluu.

Anzanga a ku CCAP ndi amene anandilozera kwa madala ena a ku Mbare. Bambo awo anachokera ku Dedza mzinda uno wa Harare ukadali Salisbury, ndipo ukalipentala anauphunzira kwa iwowo. Nditawafotokozera vuto langa anati, "Mwana wanga, khalani pansi muone kaye mmene timalumikizira."

Pa thabwa loimirira amaboola bowo la makona anayi ndi tchizulo. Nsonga ya thabwa lopingasa amaicheka kuti ikhale ngati lilime lolowa m'bowomo. Pachingerezi amati mortice and tenon, koma iwo amangoti bowo ndi lilime. Kunenepa kwa lilimelo kumakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa, chifukwa likachepa limathyoka, likakula makoma a bowo ndi amene amang'aluka. Pa chitseko changa lilime linabooleza mpaka kuseri, kenako anakhomeramo timitengo tiwiri tosongoka kuti litanuke n'kugwira zolimba. Mukaima m'mbali mwa chitsekocho mumaona malilime onse, ndipo ine ndimawaonetsa alendo monyadira. Matabwa apakati sanawamate ndi guluu. Anangowalowetsa m'ngalande kuti azitupa nthawi ya mvula n'kubwerera nthawi ya dzuwa popanda kukankha felemu. Zimenezi sindinkazidziwa, ndipo zinandisangalatsa kuposa china chilichonse.

Mtengo wake ndi mlombwa, womwe kuno amautcha mukwa, uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukadulidwa. Sufufuma kwambiri ndi chinyezi, komanso chiswe sichiukonda. Kwathu ku Mufakose chiswe chinandidyera kale mashelefu a paini, ndiye nkhani imeneyi sindinaitenge mopepuka.

Chitsekocho n'cha muyezo wamba wa mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali, choncho chinakwana pa felemu yachitsulo yomwe inalipo kale. Chimayang'ana kumene kumachokera mvula, chanyowa kuyambira Novembala mpaka Malichi kawiri konse, chapsanso ndi dzuwa la Okutobala, koma chikutsekeka ndi chala chimodzi. Palibe polumikizira pamene pasuntha.

Pa mawindo ndiye pali dandaulo. Ndinaitanitsa awiri a kuchipinda, ndipo pofuna kuchepetsa ndalama ndinasankha paini. Malumikizidwe ake ndi omwewo ndipo ali bwinobwino, koma windo limodzi limakanirira mvula ikagwa masiku angapo. Madala anabwera n'kulipala pang'ono ndi puleni osandilipiritsa, anavomeranso kuti thabwalo linali lisanaumitsitse. Ndinayamikira chilungamo chawo, komabe akanandichenjeza poyamba ndikanadikira kuti liume. Nthawinso inatalika: anandilonjeza masabata 3, ntchito inatha masabata 6. Mbali ina anati ndi kuthimathima kwa magetsi, mbali ina ndi yakuti amagwira ndi mnyamata mmodzi yekha.

Mtengo wogulira chitseko cha mlombwacho unali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi chitseko chopangiratu, ndipo anafuna theka la ndalama asanayambe. Chitseko ndikuchipatsa nyenyezi 5, mawindo 3.

Amene mukufuna chotere, pitani kukaona ntchito isanapakidwe vanishi. Pemphani akuonetseni lilime lisanalowe m'bowo, chifukwa ena amangolumikiza ndi timitengo tozungulira n'kubisa ndi penti. Funsaninso kuti matabwa auma kwa nthawi yaitali bwanji. Ine ndaitanitsa kale chitseko cha kukhitchini, cha mlombwanso, ndipo ndawauza madala kuti asafulumire.