Kalk Bay ndi Paternoster: funsani mtengo musanadye

Abale a ku Lilongwe amene mukukonza zobwera ku Cape Town, zithunzi mumaona pa Facebook zija, anzanu atakhala padoko la Kalk Bay mbale zitadzaza, sizionetsa bilu. Ena mumaganiza kuti m'mudzi wa asodzi nsomba n'zongotola, ngati ku Senga Bay bwato likangokocheza. Maganizo amenewo asiyeni komweko.

Pamenyu ya malo odyera mudzaona zilembo ziwiri, SQ, pamalo pamene payenera kukhala mtengo. Ndiye kuti mtengo auuza amene wafunsa, ndipo wamanyazi amaumva atadya kale. Zimenezi zimachuluka pa kreef, nkhanu yaikulu ya m'nyanja yamchere. Nthawi zina amaiwerengera pa magalamu 100, ndipo pasikelo imakwera ndi chigoba chake chomwe, chimene simudya. Funsani mtengo wa mbale yonse, autchule pakamwa. Mukakhala gulu, malo ambiri amaphatikiziratu 10 peresenti ya woperekera zakudya. Chakudya cha R800 ndiye kuti R80 aiwonjezera kale pabilu, koma mzere wa tipu umakhalabe pansipo ukukuyang'anani. Osawerenga amalipira kawiri, R160 yathunthu!

Kugula padoko n'kotchipirapo, makamaka snoek, nsomba yaitali ya m'nyanja yamchere, m'miyezi yozizira, maboti akangofika. Koma mtengo amakuuzaniwo ndi wa nsomba yokha. Kuitumbula ndi kuisadzula kuli ndi mtengo wakewake, ndiye gwirizanani mpeni usanalowe. Snoek ili ndi vuto limene eni ake amalitcha pap: tizilombo tosaoneka ndi maso timafewetsa mnofu, moti mukaiotcha imangophwanyika. Kunja imaoneka bwinobwino. Dinani ndi chala pamsana, pakatsala dzenje isiyeni. Pano munthu wachilungamo amakhala mayi wotumbula nsomba uja. Alipo amene akaitsegula n'kupeza mnofu wofewa amakuuzani nthawi yomweyo kuti mukaibweze, wogulitsa adakali pomwepo. Mukapeza wotere, musamunenerere pa ndalama yake. Mukagula yabwino thirani mchere, muike pozizira msanga. Snoek yosiyidwa padzuwa m'jumbo sifika madzulo.

Ku Paternoster, mudzi wa asodzi wa kugombe la kumadzulo, kumpoto kwa Cape Town, anyamata amakuimitsani pamsewu ndi kreef ya m'thumba, mtengo wogwetsa. Apa ndiye mvetsani. Wogwira kreef yongodya yekha amafunika chilolezo, saloledwa kupitirira 4 patsiku, chigoba chake chisachepere mamilimita 80, yamazira siigwidwa, ndipo kugulitsa n'koletsedwa. Nyengo yake ndi masiku ochepa amene boma limalengeza chaka chilichonse. Apolisi akaimitsa galimoto, wogulitsa uja wapita kalekale, thumba lili pamiyendo panu, lisiti mulibe. Nanga mlendo amene mapepala ake ndi okayikitsa kale, adzalankhula chiyani? Za perlemoen, nkhono yaikulu ya m'nyanja imene anthu amazembetsa, ndiye musayandikire n'komwe. Wokulonjezani ganyu yonyamula matumba ake usiku akukuitanirani kundende, ngakhale atakhala wakwanu wa ku Kawale.

Nkhono zakuda zomata pamiyala nazo musamangozula chifukwa n'zaulere. Nazonso zimafuna chilolezo. Komanso gombe la kumadzuloli limagwidwa ndi red tide, madzi amasanduka ofiirira ndipo nkhono zimasunga poizoni. Kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo, ngakhale mutawiritsa tsiku lonse. Kreef imene yatuluka yokha pamchenga nthawi imeneyi, monga zimachitikira ku Elands Bay, musatole.

Inu otsala kumudzi, lekani kutuma anthu kuti akubweretsereni nsomba yaiwisi. Ulendo wapabasi kuchoka ku Cape Town, kudutsa Johannesburg ndi Tete mpaka ku Lilongwe, ndi wamasiku, ayisi amasungunuka musanafike pa Beitbridge. Ngati mukufuna kulawa za kuno, pemphani bokkoms, tinsomba touma tamchere ta ku Velddrif. Akulunge m'nyuzipepala, osati m'pulasitiki momwe timachita thukuta n'kuyamba nkhungu, ndipo mukamaphika musathirenso mchere.