Nc'wala kapena Kulamba: yankho langa kwa amene mumandifunsa

Anzanga akuntchito ndi akumpingo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: ngati m'thumba muli ya ulendo umodzi wokha wa ku Zambia, munthu apite ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, kapena ku Kulamba, mwambo wa Achewa? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe kamodzi. Ndineneretu kuti ndine Mchewa ndipo mtima wanga uli ndi mbali yake. Komabe miyambo yonse iwiri ndinaiona ndi maso angawa.

Njira ndi imodzi. Kuchoka ku Lilongwe mumalunjika ku Mchinji, kudutsa chipata cha Mwami, n'kulowa mumzinda wa Chipata. Nc'wala imachitikira ku Mtenguleni, kunja pang'ono kwa mzindawu, Loweruka lomaliza la February. Kulamba imachitikira ku Mkaika m'boma la Katete, kutsogolo ndithu pamsewu wopita ku Lusaka, Loweruka lomaliza la August. Za ziphaso zoyendera konzeranitu muli kwanu, sindichedwapo.

Nc'wala sindingainyoze. Ndi mwambo wa Angoni a Nkosi ya Makosi Mpezeni wolawa zakumunda zoyamba kucha, chimanga chachiwisi, maungu ndi mizimbe. Uli ndi mbiri yolemera. Azungu atagonjetsa Angoni mu 1898 n'kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, mwambowu unazimirira mpaka unadzatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo ukaona momwe madoda amapondera pansi povina ngoma umadziwa kuti zimenezi sanaiwale. Zikopa za nyama m'chiuno ndi kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, amayi akuomba m'manja kumbuyo, nthaka ikuchita kunjenjemera. Ikafika nthawi yobaya nkhunzi yakuda kuti mfumu ilawe magazi, bwalo lonse limaimirira. Chinanso chimene Kulamba ilibe n'chakuti Nc'wala imagwedeza mzinda. Mfumu ikamachoka kunyumba kwake ku Ephendukeni kupita ku Mtenguleni masiku angapo Loweruka lisanafike, anthu amadzaza m'mbali mwa misewu ya Chipata, akabaza panjinga zawo akuimba mabelu, mizimu ya malonda itadzuka paliponse.

Koma kudzuka kwa mzindako ndi kumene kunandipweteka.

February ndi mvula. Sungagone panja, sungadalire msasa wa udzu, ndipo ngati ulibe m'bale ku Chipata uyenera kupeza chipinda. Eni malo ogona amadziwa zimenezi. Ine ndinaimbira foni malo ena ogona alendo kudakali nthawi, tinagwirizana mtengo, ndinatumiza theka kudzera mwa mnzanga wokhala konko. Tinafika madzulo titanyowa, ine ndi mayi a kunyumba, zikwama zili m'manja. Mtsikana wa pakauntala anatsegula buku, naliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati dzina lilipo koma mtengo umene tinapangana ndi wa masiku wamba. Sabata ya mwambo ili ndi mtengo wake, pafupifupi kuwirikiza katatu, ndipo chipinda sachibwereketsa usiku umodzi, uyenera kulipira mpaka Lamlungu ngakhale ukunyamuka Loweruka madzulo. Nditapempha kuti andibwezere theka langa ndikayese kwina, anati ndalama yosungitsira malo sibwezedwa. Kumbuyo kwathu kunali anthu ena atagwira ndalama m'manja, kudikira kuti tingokana.

Chimene chinandiwawa si kukwera kwa mtengo. Aliyense amadziwa kuti nthawi ya mwambo zinthu zimadula, ngakhale dzira lowiritsa pamsewu. Chinandiwawa n'chakuti pafoni sananene. Anadikira mpaka munthu wawoloka malire, kunja kwada, mvula ikugwa, mkazi wake akunjenjemera pambali, ndiye n'kumutulutsira mtengo weniweni. Tinalipira, tikanatani. Ndalama imene tinasungira chakudya ndi nsalu za mwambo inathera pomwepo, ndipo chakudya cham'mawa chimene anati chili mumtengo chinasanduka tiyi ndi buledi magawo awiri. M'mawa mwake a minibasi opita ku Mtenguleni nawo anali atakweza, pobwerera n'kukwezanso poona kuti mitambo yachita bii ndipo aliyense akuthamangira galimoto. Kumbukiraninso kuti February kwathu kuno ndi mwezi wa njala. Fizi ya ana mwalipira mu January, feteleza wakudyerani ndalama, m'nkhokwe mwayera. Kubedwa mwezi umenewu kumapweteka kawiri.

Kulamba imabwera mu August, anthu atakolola, ena atagulitsa fodya, soya ndi mtedza. Kunja n'kouma. Ambiri ochokera ku Malawi amapita pagulu, basi imodzi mudzi umodzi kapena dera la mfumu imodzi, atanyamula ufa, nkhuni, mapoto ndi mphasa. Ku Mkaika anthu amamanga misasa n'kugona momwemo, ena m'basi momwe. Ku Chipata mumangoima kugula madzi ndi kusintha ndalama. Palibe wa pakauntala amene angakugwireni pakhosi, chifukwa akakweza mtengo mumangoyala mphasa. Kwa ine nkhani yagona pamenepa.

Si kuti kulibe zovuta. Fumbi la ku Mkaika limalowa m'maso, m'mphuno ndi mu nsima momwe, ndipo wodwala chifuwa aganize kawiri. Usiku kumazizira, tengani bulangete. Zimbudzi ndi madzi sizikwanira khamu lonse lija. Zolankhula za akuluakulu zimatalika konsekonse, pamenepo palibe wopambana.

Koma bwalo likatseguka, fumbi umaliiwala. Mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amabwera mmodzimmodzi kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa onse, kupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera awo, ndipo aliyense amabwera ndi gule wakwawo. Ndiye kuti tsiku limodzi umaona zilombo zimene kwanu ungathe zaka usanazione: makanja akuyenda m'mwamba, kasiyamaliro, gologolo akukwera pamtengo wautali anthu atagwira mtima, magule a ku Tete amene kavinidwe kawo n'kosiyana ndi ka ku Dedza kapena ku Kasungu. Anamwali amatuluka atakhala m'tsimba, mikanda ili mbwee, anamkungwi akuwatsogolera. Mwambo wa Kulamba nawo unaletsedwa nthawi ya atsamunda ndipo unabwerera mu 1984. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, mu 2005, ndipo mu 2007 atsogoleri a mayiko onse atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika. Khamu lonse likafuula kuti "Yooo Gawa!" iwe uli pakati, pambali pako pali gogo wa ku Mozambique amene akuyankhula Chichewa chonga cha agogo ako, thupi limachita tsembwe.

Ana? Ku Kulamba agwireni dzanja, zilombo zimathamangitsa ndipo khamu ndi lalikulu. Ku Nc'wala vuto ndi matope ndi oledzera madzulo.

Ngati ndinu Mngoni, kapena muli ndi m'bale ku Chipata woti akusungeni, pitani ku Nc'wala, simudzadandaula. Ngati mukagona kumalo olipira, auzeni akulembereni pa meseji mtengo wa sabata ya mwambo, masiku amene mukulipira, ndiponso ngati theka lanu limabwezedwa, musanatumize kalikonse. Enanu amene muli ndi ya ulendo umodzi wokha, sungani ndalamayo mpaka August, mufunse kwa amfumu a kwanu ngati kuli basi yopita ku Mkaika, mulembetse dzina msanga chifukwa mipando imatha.