Ndiwo za pathandala la pafupi ndi Mtenguleni

Kuyambira mwezi wa June chaka chatha, ndiwo zamasamba zapakhomo panga ndimagula pamalo amodzi, pathandala lansungwi m'mphepete mwa Great East Road, mukachoka ku Chipata kulowera ku Katete, musanafike pokhotera ku Mtenguleni. Palibe chikwangwani. Mudzaona mtengo wa mango, pansi pake amayi achikulire atazunguliridwa ndi mabeseni.

Tsiku loyamba ndinapeza repu atatha. Ndili pafupi kubwerera, iwo akuti, "Dikirani pang'ono amama, dimba lili pompano." Anatuma mdzukulu wawo kudambo ndi kampeni, ndipo posachedwa mwana uja anatulukira atakumbatira masamba akadali ndi mame. Nditathyola phesi limodzi linalira kuti thyo! madzi n'kudonthera pachala. Repu wogona padzuwa satero, amangopindika ngati chingwe. Madzulo ake ndinangomuika mumphika ndi tomato mmodzi, kaanyezi ndi timafuta, osachulutsa moto. Ana anga, omwe amakankhira masamba m'mbali mwa mbale, anapempha nsima ina.

Mpukutu ndinkagula K5 nthawi yachisanu, ndipo mbasela sichita kupempha. Mukagula iwiri, amakuponyerani impwa zingapo kapena tsabola m'thumba.

Koma chimene chimandikwezetsa minibasi kuchoka m'tauni, pomwe msika wa Kapata uli pafupi ndi kwathu, ndi nsinjiro zawo. Amasinja okha mumtondo nshawa za Chalimbana, n'kusefa bwinobwino. Zikakhala m'kapepala mumaona mafuta atadetsa pepalalo. Nsinjiro zina zomwe ndinagulapo kwina zinali zosakaniza ndi ufa, ndiwo n'kumalimba ngati phala. Izi ayi. Mvula itagwa mu December, chibwabwa chitayamba, ndinatendera mphika wathunthu. Amayiwo ndiwo anandilangiza kuti ndisamathire soda wam'sitolo. Anandipatsa chidulo cha phulusa la zitsononkho m'kabotolo, nati, "Kasupuni kamodzi kokha mwanawe, mukachulutsa masamba asanduka matope." Chibwabwa chinafewa koma chinakhalabe chobiriwira, ndipo apongozi anga, omwe sayamika msanga, anafunsa kuti ndaphunzira kuti. Ndimawakonda amayiwa chifukwa cha zimenezi. Sakugulitsa ndiwo chabe, amafunsanso kuti ukaphika bwanji.

Zodandaula zilipo. Tomato wawo wa dzinja si wabwino. Mvula ikachuluka amachita mawanga akuda, ena n'kuphulika, mtengo n'kukweranso, ndipo mu January ndinataya theka la mulu. Repu nayenso nyengo imeneyo amabooledwa ndi mbozi, choncho ndi bwino kungotsata za nyengo yake: bondwe, delele, kalembula ndi chibwabwa. Mfutso wa khwanya umene ndinagula mu October unali ndi mchenga, ndinatsuka katatu koma unkalirabe m'mano. Nditawauza sanakane, anati mphepo inawomba ali kuyanika, ndipo anandipatsa wina osalipira. Wachiwiriwo unali woyera.

Nyamulani ndalama zing'onozing'ono. Chenji ya K100 imawavuta, ndipo za ndalama zapafoni sachita. Mulawirenso, chifukwa ikamakwana 10 koloko zabwino zonse zimakhala zapita ndi azimayi okagulitsa m'tauni komanso anyamata anjinga. Sabata ya Nc'wala, kumapeto kwa February, musavutike n'komwe. Anthu opita ku Mtenguleni kukaona mwambowu, wa Angoni a mfumu Mpezeni, amasesa chilichonse, ine ndinafika cha m'ma 8 n'kupeza mabeseni atavundikiridwa kale.

Loweruka lapitali ndinawapeza akuwokera mbande za chainizi ndi repu watsopano, keni ili pambali. Akuti pakatha masabata anayi kapena asanu ndibwere ndi thumba lalikulu, ndipo andisungira nsinjiro za nshawa zokolola chaka chino.