FilmFreeway ndaigwiritsa ntchito zaka ziwiri, nazi zomwe ndaona

Anzanga angapo omwe timajambula nawo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti aise kafilimu kako kaja unakatumiza bwanji kunja, unadziwana ndi ndani, unalipira zingati, nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Sindinadziwane ndi munthu aliyense, ndinangotsegula akaunti pa FilmFreeway basi. Koma kutsegula akauntiko ndi kachinthu kochepa, nkhani ili pa zomwe umachita ukalowa.

Kwa amene simukuidziwa, FilmFreeway ndi tsamba lomwe ma festivo a mafilimu amaikapo zoitana anthu kuti atumize ntchito zawo, ndipo iwe wopanga filimu umaika filimu yako kamodzi kokha nkumaitumiza kulikonse komwe ukufuna. Inayamba mu 2014 ku Canada, nthawi imeneyo msika unali m'manja mwa Withoutabox ya Amazon yomwe inadzatsekedwa mu 2019, ndiye pano ma festivo ambirimbiri ali pamenepa, ngakhale Sundance ya ku America imalandirira pomwepa. Akuluakulu omwe anayamba kale ntchitoyi amakamba za nthawi yomwe munthu umawotcha DVD, kuikulunga bwinobwino, kukalipira kampani yotumiza katundu, kenako nkumangodikira osadziwa ngati yafika kapena yasweka panjira. Ukamva zimenezo umayamika ndithu kuti lero uli kwanu ku Chilomoni utha kutumiza filimu ku Durban usanamwe tiyi.

Kutsegula akaunti ndi ulere, kuika filimu ndi ulerenso. Amakupatsa peji ya pulojekiti yako pomwe umalemba mutu wa filimu, chidule cha nkhani, mphindi zake, chilankhulo, dziko lomwe munajambulira, tsiku lomwe munamaliza, mayina a onse omwe anagwira ntchito, mbiri ya dayirekita ndi mawu ake ofotokoza chifukwa chomwe anapangira filimuyo, kenako zithunzi, posita ndi tirela. Apa ndipomwe ndinaikonda. Kale ndinkaona ngati filimu ikatha kueditidwa ndiye kuti yatha, koma pejiyi inandikakamiza kukhala pansi nkufunsa kuti kodi nkhani yangayi ndingaifotokoze bwanji m'mizere itatu kwa munthu yemwe sanafikepo ku Malawi. Zinanditengera sabata yathunthu. Zithunzi ndiye tinalibe, tsiku lojambula palibe anaganiza zotola zithunzi za pa seti, tinachita kudula mu filimu momwemo. Inu amene mukujambula pano, sankhani munthu m'modzi ntchito yake ikhale yotola zithunzi basi, mudzandithokoza.

Filimu yeniyeniyo ukhoza kuikweza pa tsamba pomwepo kapena kuika linki ya Vimeo, tsamba lina loikapo mavidiyo, yokhala ndi pasiwedi. Yanga ndi ya mphindi 14, nkhani ya mayi wogulitsa makala yemwe mwana wake wasowa tsiku la msika, ndipo usiku womwe ndinkaikweza pa Vimeo sindidzauiwala. Ndinagula bandulo ya usiku, ndinayamba cha m'ma 11 koloko, kamzere kaja kakuyenda pang'onopang'ono ine maso ali pa laputopu, kafika pa 80 magetsi thi, foni yomwe ndinkagwiritsa ntchito ngati hotspot inali itatsala pang'ono kuzima. Ndinathamangira kwa aneba omwe ali ndi sola, ndinagogoda, amayi aja anatsegula atafunda chitenje nkundiuza kuti lowani mwanawe khalani pa mkekapo, ndinakhala pamenepo mpaka tambala woyamba. Langizo langa ndi loti musakweze fayilo yaikulu ija yochokera ku editing, pangani ina yopepuka yoti oweruza aonere, yaikuluyo adzaipempha okha akakusankhani.

Pofufuza ma festivo pali zosefera zabwino kwambiri. Utha kusankha kuti undionetse okhawo omwe akulandira pano, a mafilimu afupiafupi, a dziko lakutilakuti, aulere, kapena omwe wopambana wake amaloledwa kupikisana nawo ku Oscar. Festivo iliyonse ili ndi peji yake, malamulo, magulu a mphoto, zaka zomwe yakhala ikuchitika, tsiku lomwe adzayankhe ndi tsiku la chikondwererocho. Madedilaini amakhala angapo, Earlybird, Regular, Late, nthawi zina mpaka Extended, ndipo mtengo umakwera ukamachedwa, malo omwe ukanalipira 15 dola koyambirira utha kupeza afika 40 kumapeto. Chodziwa nchoti mitengoyi amaika ndi eni festivo, tsambali limangokhala pakati.

Tsopano nkhani ya ndalama, apa mpomwe pamawawa kwa ife. Zonse ndi madola, ndipo kulipira kwake ndi pa khadi ya ku banki kapena PayPal, za ndalama za pafoni zomwe tinazolowera kuno iwalani. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, 30 dola si ndalama yoseweretsa, ndi thiransipoti ya ochita sewero onse tsiku lojambula kuphatikiza nkhomaliro. Khadi yanga inakana katatu, ndinapita ku banki yanga nkukhala pa mzere m'mawa wonse, anandiuza kuti nkhani ndi ya forex ndidikire. Amene anandipulumutsa ndi achemwali anga omwe amagwira ntchito ku Leeds, iwo amalipira ndi khadi yawo uko ine nkupereka makwacha kwa amayi kumudzi, mpaka lero timachita choncho. Palinso umembala wa Gold wolipira pamwezi womwe umakuchotsera mtengo ku ma festivo ena, ine ndinautenga mwezi umodzi wokha pomwe ndinali ndi malo angapo otumiza nthawi imodzi, ndinasungako pang'ono, koma ngati ukutumiza kamodzi pa miyezi itatu suukufunika.

Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi waiver. Ma festivo ena amapereka kodi yoti ukailemba polipira mtengo umatsika kapena kuchoka wonse, ndipo umachita kupempha pa imelo. Poyamba ndinkachita manyazi ngati ndikupemphetsa, koma mkulu wina yemwe wakhala nthawi yaitali mu ntchitoyi anandiuza kuti achimwene mwana wosalira amafera pa msana. Ndinalemba makalata 12, aafupi, kufotokoza kuti ndine ndani, filimu ndi ya chiyani, chifukwa chomwe ndikuona kuti ikugwirizana ndi festivo yawoyo osati ina, ndi vuto la madola kuno. Anayi anayankha ndi kodi, awiri anakana mwaulemu, enawo zii. Musatumize kalata imodzi kwa onse nkungosintha dzina, amaona.

Ndiye pali kudikira. Ukatumiza pamalembedwa kuti In Consideration, ndipo zimakhala choncho miyezi, ine ndinkatsegula m'mawa uliwonse ndisanasambe nkomwe. Tsiku loyankha likafika umapeza Selected kapena Not Selected, mawu awiri basi, kawirikawiri opanda chifukwa. Pa malo 23 omwe ndatumiza m'zaka ziwirizi, 17 anakana. Zimapweteka, makamaka ukakumbukira amayi omwe anasiya geni yawo masiku atatu kuti adzasewere mu filimu yako. Koma ndimakonda kuti zonse zili poyera pa peji imodzi, sumayenda mumdima.

Pomwe ndikufuna kukhalitsa ndi apa. Pa malo 6 omwe anandisankha, atatu sanali ma festivo enieni, ndipo ndinazindikira mochedwa. Ina sindiitchula dzina, inali ya ku Ulaya, dzina lake lalikulu lomveka bwino lokhala ndi International pakati, ndinalipira 25 dola. Patangotha masiku anayi imelo inabwera kuti zikomo kwambiri mwapambana mphoto ya dayirekita wabwino, ndinakuwa nyumba yonse, ndinaimbira amayi, ndinaika timasamba ta laurel, chizindikiro choti filimu yasankhidwa kapena yapambana, pa posita nkutumiza paliponse anthu nkumandiyamikira. Kenako imelo ina inabwera kuti ngati ndikufuna chikho nditumize 150 dola, satifiketi yosindikiza nayonso ndalama ina. Mtima unayamba kukayika, ndinakaona pa Vimeo kuti filimu yaonedwa kangati kuchokera dziko limenelo, ndinapeza kamodzi, mphindi zosakwana ziwiri. Ndinafufuza zithunzi za chikondwerero chawo, kulibe holo, kulibe anthu, amapereka mphoto mwezi uliwonse m'magulu osawerengeka. Ndinachotsa timasamba tija pa posita usiku womwewo ndipo ndinalira, chifukwa chomwe ndinkafuna ine nchoti anthu akhale mumdima pamodzi nkumuona mayi uja akuitana mwana wake pakati pa msika.

Tsono dziwani kuti festivo kupezeka pa tsambali sizitanthauza kuti ndi yabwino, ntchito yosefa ndi yanu. Ine pano ndisanalipire ndimatuluka kaye pa tsambalo nkukafufuza kwina. Kodi ali ndi malo enieni oonetsera, dzina la holo lilipo? Pali zithunzi za anthu atakhala pamipando chaka chatha? Ndandanda wa mafilimu omwe anasankha chaka chatha ulipo, ndipo omwe anawapangawo ukawafufuza amapezeka? Akakhala kuti magulu a mphoto ndi ambiri kuposa mafilimu omwe angaonetse pa wikendi imodzi ndimatseka peji. Ndemanga za nyenyezi zisanu zomwe zimakhala pansi pa peji ndimawerenga koma sindidalira kwambiri, munthu yemwe wangopatsidwa mphoto sanganene zoipa.

Ndipo ndaphunzira kuyang'ana pafupi kaye. Zanzibar International Film Festival ilipo kuyambira 1998, amaonetsa mafilimu panja mu Old Fort ku Stone Town ndipo mphoto yawo yaikulu ndi Golden Dhow, ndi komwe Seasons of a Life ya a Shemu Joyah inakalandira mphoto anthu ambiri kuno asanakhulupirire kuti filimu ya ku Malawi ingapite patali. Durban International Film Festival inayamba mu 1979, imachitika mu July, ndipo mumzinda momwemo mumakhala Durban FilmMart komwe anthu amakakumana ndi omwe ali ndi ndalama zopangira mafilimu. Malo ngati amenewa oweruza ake amadziwa kuti msika wa ku Africa umamveka bwanji, safuna kuti uwafotokozere chilichonse. Komanso si zonse zili pa FilmFreeway, Cannes ndi Berlin ali ndi njira zawozawo zotumizira, ndipo FESPACO ya ku Ouagadougou, yomwe inayamba mu 1969 ndipo imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndibwino kumatsatira zolengeza zawo mwachindunji. Zinanso ndi mphoto osati festivo, monga AMVCA (Africa Magic Viewers' Choice Awards) ya ku Lagos komwe filimu yotchedwa Lilongwe ya a Joyce Mhango Chavula inapambana mu 2016 ndi The Road to Sunrise ya a Joyah mu 2018, zonse ngati filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa. Zimenezo zili ndi khomo lake.

Werengani malamulo mpaka pansi. Ma festivo ambiri akuluakulu safuna filimu yomwe ili kale pa YouTube, ena amafuna kuti kwawoko kukhale koyamba kuonetsedwa m'dziko lawo kapena padziko lonse, enanso salandira filimu yomwe inamalizidwa kupitirira chaka kapena zaka ziwiri zapitazo. Mnzanga wina anaika yake pa YouTube tsiku lomwe anamaliza kuedita chifukwa cha chisangalalo, filimu yabwino kuposa yanga, makomo angapo anatsekeka pomwepo.

Za ma subtitle ndiye musazichite mothamanga. Filimu yathu ikakhala ya Chichewa, woweruza wa ku Durban kapena ku Nairobi amaimva kudzera m'mizere ya pansiyo basi. Mu yanga muli pomwe agogo amafika pakhomo pa mayi uja madzulo, mwana asanapezeke, nkungonena kuti "tamva", kenako nkukhala pansi. Ife tikudziwa kulemera kwa liwu limenelo, ndi lomwe timanena pofika pa zovuta, ndipo mayi uja akalimva amadziwa kuti mudzi wayamba kale kuganiza zoipa. Poyamba tinangolimasulira momwe lilili ndipo linamveka ngati agogo akupereka lipoti. Ndinakhala masana onse ndi aphunzitsi ena opuma a Chingerezi kuyesa njira zosiyanasiyana, mapeto ake tinasiya mawu ochepa omwewo koma tinatalikitsa shoti ya nkhope ya mayiyo ndi masekondi anayi. Filimu yokonzedwayo nditaikweza ndi yomwe inasankhidwa ku kafestivo kena kakang'ono ku Johannesburg, holo ya anthu mwina 60. Ine sindinathe kupita, ndalama ya basi ndinalibe, koma msuweni wanga yemwe amakhala kumeneko anapita nkunditumizira voice note ali panja pa holo, akuti pa mawu a agogo aja mayi wina wa ku Zambia yemwe anakhala naye pafupi anagwira pakamwa.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Ndi yosavuta, imatseguka bwino ngakhale pa foni, sulipira kanthu mpaka utasankha wekha kutumiza, ndipo zonse za filimu yako zimakhala pamalo amodzi. Imodziyo ndaisunga chifukwa ndikanakonda patakhala njira yolipirira yomwe ife akuno tingaifikire osavutitsa abale akunja. Filimu yachiwiri tikuyamba kujambula mvula ikatha ku Zomba, ndipo ulendo uno ndalemba kale mu kope malo 8 okha, onse ndaona zithunzi za maholo awo, ndi masiku awo a Earlybird pambali pake.